Ndinalipira kuti andisankhire mankhwala opambana, iwo anakana

Anzanga angapo amene akulemba digiri ya masters ya zaumoyo akhala akundifunsa pa WhatsApp za kaofesi kena ka ku Lilongwe kamene kanandithandiza masamu a kafukufuku wanga chaka chatha. Ndatopa nako kujambula mawu omweomwewo, ndiye ndalemba pano kamodzi. Dzina la ofesiyo sinditchula chifukwa ndinena ndi zondiwawa zomwe. Ofuna nambala andipeze ku inbox.

Ndine namwino, ndimakhala ku Glasgow, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi ndikugwira ntchito m'kiliniki ya matenda a chiwindi. Kumudzi hepatitis amene tinkamumva kawirikawiri ndi B. Uyu wa C ndinadzamudziwira kuno, kumene odwala athu ambiri anamutenga pobwerekana majakisoni a mankhwala ozunguza bongo. Mutu wa kafukufuku wanga unali kuyerekeza mankhwala a hepatitis C, kuchokera nthawi ya jakisoni wotchedwa interferon mpaka mapiritsi a masiku anowa. Ndinawerenga mapepala, n'kupanga tebulo mu Excel: dzina la mankhwala, chaka, ndi chiwerengero cha ochira pa anthu 100 aliwonse. Kenako ndinasanja kuyambira wamkulu kumatsika. M'maganizo mwanga chotsala chinali munthu wodziwa kudina mabatani kuti p-value, nambala yothandiza kuona ngati kusiyana n'kongochitika mwamwayi, ituluke, ndiike m'chaputala chachinayi, ndikagone.

Akatswiri a kuno mitengo yawo ndi yothawitsa. Mnzanga amene tinaphunzira naye unamwino ndi amene anandilozera kaofesi ka ku Lilongwe kaja. Tinagwirizana mapaundi 150, theka poyamba theka pomaliza, pa misonkhano inayi ya pa Zoom ndi lipoti limodzi. Ofesiyo ndi ya anthu awiri: bambo wachikulire amene anaphunzitsapo masamu kukoleji, ndi mtsikana wina amene amayendetsa zonse za pakompyuta pogwiritsa ntchito pulogalamu ya masamu yotchedwa R.

Msonkhano woyamba bamboyo sanachedwe ndi malonje.

"Amayi, tebulo lanu ndaliona. Mwalisanja bwino ngati ligi ya mpira. Vuto lake matimu anuwa sanakumanepo pabwalo limodzi."

Ndinaseka mwaulemu, mumtima ndikuwerengera mapaundi anga.

Anayamba ndi mizere iwiri imene ndinkainyadira. Mu 2001 magazini ya Lancet inasindikiza kafukufuku wa peginterferon alfa-2b (interferon wokhalitsa m'thupi) pamodzi ndi mankhwala akumwa a ribavirin, wotsogoleredwa ndi Michael Manns, ndipo ochira anali 54 pa 100. Mu 2002 New England Journal of Medicine inasindikiza wa peginterferon alfa-2a, wotsogoleredwa ndi Michael Fried, ochira 56 pa 100. Ine ndinali nditalemba kuti alfa-2a anaposa mnzake. Bamboyo anandiuza kuti nditsegule mapepala onse awiri ndiyang'ane gulu linalo, lija linkalandira mankhwala akale. Konsekonse gulu limenelo linalandira zofanana, interferon alfa-2b wamba ndi ribavirin. Kwa Manns anachira 47, kwa Fried 44.

"Mankhwala amodzimodzi, asiyana ndi 3," anatero. "Inu mukuveka munthu nkhata pa kusiyana kwa 2. Ndiye tinene kuti interferon wamba anadziposa yekha?"

Odwala a m'makafukufuku awiriwo sanali anthu ofanana, ndipo ngakhale mlingo wa ribavirin unali wosiyana: gulu lija la 54 linkamwa mamiligalamu 800 patsiku, pamene la 56 linkamwa 1,000 kapena 1,200 malinga ndi thupi la munthu. Zonsezi zinali m'mapepala amene ndinali nawo pakompyuta panga. Ine ndinkangothamangira pa nambala yaikulu ya m'ndime yoyamba.

Mankhwala awiriwo anadzakumanadi pabwalo limodzi, m'kafukufuku wotchedwa IDEAL amene anatuluka mu 2009: odwala 3,070 a ku America, onse a genotype 1 (kachilombo ka hepatitis C kali ndi mitundu ingapo yotchedwa genotype). Alfa-2b pa mlingo wake wonse anachiza 39.8 pa 100, alfa-2a anachiza 40.9, ndipo alfa-2b wa mlingo wochepa 38.0. Kusiyana koti munthu n'kumangirapo mfundo kunalibe. Apa ndi pamene ndinachita manyazi, chifukwa m'tebulo langa pa alfa-2a ndinali nditalemba 64. Nambala imeneyo ilimodi m'pepalamo, koma ndi ya anthu amene kachilombo sikankaoneka m'magazi mwawo tsiku lomaliza mankhwala. Pambuyo pake, mwa amenewo, 31.5 pa 100 kachilombo kanawabwerera, pamene kwa alfa-2b wa mlingo wonse kanabwerera 23.5. Kwa amene simuli a ntchito imeneyi: munthu wa hepatitis C timati wachira ngati kachilombo sikakupezeka m'magazi patapita nthawi chimalizireni mankhwala. Kale ankadikira masabata 24, masiku ano ndi masabata 12, n'chifukwa chake mumamva tikuti SVR24 kapena SVR12. Tebulo langa linali ndi miyeso itatu yosiyana m'danga limodzi, ine osadziwa. Mtsikana uja ndi amene anazitulukira, ndipo anaipaka mitundu itatu.

Wina afunsa kuti nanga bwanji mankhwala omwe anachiza 54 ndi 56 anatsika kufika pa 40. Makafukufuku oyamba aja analinso ndi anthu a genotype 2 ndi 3, amene interferon ankawagwira bwino. IDEAL inatenga a genotype 1 okhaokha, ovuta aja. Mankhwala sanasukuluke, odwala ndi amene anali ena.

Ndingopatukako pang'ono. Interferon ine sindinamupereke ndi manja anga, koma ndimakumana ndi anthu amene anadutsamo: jakisoni sabata iliyonse kwa masabata 48, kuphwanya kwa thupi ngati malungo osatha, magazi kuchepa chifukwa cha ribavirin, ena kukhumudwa mpaka kusiya ntchito. Alipo bambo wina amene anatikana zaka ziwiri ngakhale tinkamuuza kuti tsopano ndi mapiritsi a masabata 8 kapena 12 basi. Anati zimenezo anazimvapo kale. Ndikamawerenga kuti anthu angapo "anasiyira panjira" m'makafukufuku akale aja, ndimaona nkhope yake.

Msonkhano wachiwiri ndi umene unabweza ndalama zanga zonse. Tinali pa FISSION, kafukufuku wa mu 2013 wa odwala 499, woyerekeza magulu awiri: lina linalandira sofosbuvir (limodzi la mapiritsi atsopano aja) ndi ribavirin kwa masabata 12, lina peginterferon ndi ribavirin kwa masabata 24. Gulu ili 67 pa 100, gulu ilo 67 pa 100. Ine ndinali nditalemba mawu amodzi: ndi ofanana. Bamboyo anati tigawe. Kwa a genotype 2, sofosbuvir anachiza 97 pamene peginterferon anachiza 78. Kwa a genotype 3, sofosbuvir anachiza 56 pamene peginterferon anachiza 63. Ndiye kuti m'kati mwa 67 yemweyo muli nkhani ziwiri zoyang'ana kosiyana, ndipo zinangokumana pakati chifukwa ambiri mwa odwalawo anali a genotype 3. Akanachulukitsa a genotype 2, sofosbuvir akanapambana ndi mtunda wautali, popanda kusintha piritsi ngakhale limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zinandikhudza chifukwa kuno ku Scotland genotype 3 ndi wochuluka. Anthu ake ndimawatenga magazi sabata iliyonse.

Anandichenjezanso mbali inayo, ndipo apa ndinawalemekeza. Anati kugawa kumakoma, koma munthu akagawa odwala m'timagulu makumi awiri, amuna, akazi, onenepa, osuta, kwinakwake adzapeza kusiyana kongochitika mwamwayi, ngati mmene wochita maere amagwetsera tsiku lina. Genotype tinaigawa chifukwa panali chifukwa chodziwika kale kafukufuku asanayambe. Ndinali ndi maganizo ogawa potengera zaka za odwala m'kafukufuku wina wamng'ono, iwo anakana.

Tsopano zondiwawa. Msonkhano wachitatu unalephereka katatu. Koyamba magetsi anazima, chimene ndikuchimvetsa, ndine wa konko. Kachiwiri anaiwala kuti m'nyengo yozizira kuno timatsalira ndi maola awiri, osati limodzi, ndipo anandiimbira ndili pakati pa shifiti. Kachitatu sanandiuze chilichonse, ndinangokhala ndikuyang'ana kompyuta mphindi 40 nditasinthanitsa tsiku langa lopuma ndi mnzanga. Kupepesa kwake kunabwera mawa lake. Mukawafunsa funso lalifupi polemba, yankho limabwera la mawu ojambula a mphindi khumi ndi imodzi, kumbuyo tambala akulira. Zimene akunenazo ndi zanzeru, koma simungazikopere m'chaputala, muyenera kukhala pansi n'kumalemba ngati kalaliki wa kukhoti. Mgwirizano wolemba kunalibe, risiti ndinachita kukumbutsa kawiri. Lipoti linachedwa masiku 12, ine tsiku lopereka likuyandikira.

China chimene sichinandisangalatse: ntchito yeniyeni, kuwerenganso odwala mmodzimmodzi m'matebulo a mapepala, kujambula zithunzi, kulemba R, anagwira ndi mtsikana uja, koma pa lipoti panali dzina la bamboyo lokha. Ndinamutchula ndekha m'mawu othokoza. Ngati mukawalembe ntchito, pemphani kuti iyeyo azikhalapo pa msonkhano uliwonse. Amafotokoza mwachidule ndipo amayankha uthenga tsiku lomwelo.

Chimene ndinkafuna kwambiri chinali network meta-analysis, njira ija yoyerekeza mankhwala amene sanakumanepo podzera mwa mankhwala achitatu amene onse awiri anakumana nawo. Woyang'anira kafukufuku wanga anali ataitchulapo, ndipo inkamveka yapamwamba. Bamboyo anakana kuichita pa mankhwala atsopano. Chifukwa chake: ambiri mwa makafukufuku amenewo analibe gulu loyerekeza nalo. Chitsanzo ndi NEUTRINO, ya mu 2013 yomweyo, odwala 327 onse analandira sofosbuvir, peginterferon ndi ribavirin kwa masabata 12, anachira 90 pa 100, ndipo anayerekeza ndi nambala ya 60 yochokera ku makafukufuku a m'mbuyo. Iwo sanatsutse kuti mankhwalawo ndi amphamvu. Kudumpha kotero sikungakhale kwa mwayi. Koma anati mlatho ulibe chipilala cha pakati, ndiye sangandiuze kuti 90 wa uku ndi wochepa kuposa 95 wa uko. Ndinakakamira. Anati, "Amayi, kompyuta ikhoza kutulutsa chilichonse mungaiuze. Ine dzina langa sindiikapo." Panthawiyo ndinapsa mtima. Pa tsiku lofunsidwa mafunso, mmodzi mwa oyesa anafunsa chifukwa chimene sindinaichitire, ndipo yankho limeneli ndi limene linandiwombola.

Mmalo mwake anandipatsa zinthu zitatu. Choyamba, confidence interval pa nambala iliyonse, kuti owerenga aone mpata umene choonadi chingakhalemo. Apa anandiphunzitsa kamasamu kamene ndimakagwiritsa ntchito mpaka lero: ngati palibe ndi mmodzi yemwe amene mankhwala anamukanika, gawani 3 ndi chiwerengero cha odwala. Anthu 30 onse achira, mutu wa nkhani ukuti 100 pa 100, koma okanika enieni akhoza kufika 10 pa 100. Mu ASTRAL-1, kumene odwala 624 analandira sofosbuvir ndi velpatasvir n'kuchira 99 pa 100, nambalayo ndi yolimba. Koma timagulu ta genotype zosowa, ta anthu makumi ochepa, 100 wake ndi wopepuka ngati thonje. Chachiwiri, zithunzi zosonyeza zotsatira pogawa genotype komanso pogawa amene chiwindi chawo chinali chitauma kale ndi amene chinali chisanaume. Chachitatu, tebulo losonyeza kuti pansi pa peresenti iliyonse pali anthu angati, ndipo ndani anachotsedwa.

Chachitatuchi ndi nkhani ya kuntchito kwanga kwenikweni. Odwala athu ambiri amamaliza mapiritsi koma sabweranso kudzayezetsa patatha masabata 12. Wina wasamuka, wina ali kundende, wina foni yatayika. Mukawerengera okhawo amene anabwera, kiliniki imaoneka ngati ya angelo. Mukawerengera onse amene anayamba mankhwala, n'kutenga osowa aja ngati okanika, nambala imagwa. Zonse ziwiri si bodza, koma zikuyankha mafunso osiyana, ndipo mapepala a m'zipatala wamba ambiri amene ndinasonkhanitsa ankasakaniza. Mtsikana uja anawerengeranso lililonse m'njira zonse ziwiri. Mapepala ena amene ankaoneka otsogola anabwerera pakati.

Anandionjezeranso pepala limene ndinalibe, ndipo ili ndimawathokoza nalo. Ndi kafukufuku wa SHARED wa ku Kigali, Rwanda, amene anasindikizidwa mu 2019: odwala 300 a genotype 1 kapena 4, ledipasvir ndi sofosbuvir kwa masabata 12. Ochira anali 261, kapena kuti 87 pa 100. Koma mwa anthu 48 amene anali ndi kamtundu ka 4r, anachira 27 okha, 56 pa 100. Ine "genotype 4" ndinkaitenga ngati chinthu chimodzi, ndipo manambala anga ambiri anali ochokera ku Egypt, kumene matendawa anafala ndi majakisoni ochiza likodzo a zaka za m'ma 1950 mpaka 1980, ndipo kamtundu kochuluka ndi 4a. Zotsatira za ku Cairo sizingangonyamulidwa n'kukaikidwa ku Kigali. Kwa ife amene tili ndi odwala obadwira ku Africa m'makiliniki a ku Britain, imeneyi si nkhani ya m'kalasi.

Msonkhano womaliza tinakambirana za khansa. Mu 2016 madokotala a ku Barcelona analemba za odwala 58 amene anachiritsidwapo khansa ya chiwindi kenako n'kupatsidwa mapiritsi atsopanowa. Mwa iwo 16 khansa inabwerera. Panali mantha. Koma kunalibe gulu loyerekeza nalo. Mu 2019 kafukufuku wamkulu wa ku France wotchedwa Hepather, wa odwala 9,895, anasonyeza mmene msampha wake umagwirira. Poyang'ana manambala osakonza, omwa mapiritsiwa ankaoneka kuti chiopsezo chawo cha khansa ya chiwindi ndi chochuluka ka 2.77 poyerekeza ndi osamwa. Atawerengera msinkhu, kuuma kwa chiwindi ndi zina, nambalayo inatembenuka kufika 0.66, kutanthauza chiopsezo chochepa kuposa cha osamwa, ndipo ya imfa inali 0.48. Chifukwa chake n'chosavuta: mapiritsi atangofika anali odula zedi, sofosbuvir ku America anayamba pa madola 84,000 kwa masabata 12, ndiye oyamba kupatsidwa anali odwalitsitsa. Bamboyo anati, "Mukawerenga maliro a ku chipatala chachikulu n'kuyerekeza ndi a kukiliniki ya kumudzi, mudzati chipatala chachikulu chimapha." Ndinaseka, chifukwa agogo anga ankanena zomwezo ndipo ankakana kutumizidwako.

Pamene tinasiyana maganizo ndi pa lipoti la mu 2017 la Cochrane, bungwe lounika makafukufuku a zaumoyo, limene linasonkhanitsa makafukufuku 138 a anthu 25,232 n'kunena kuti palibe umboni wokwanira woti mapiritsiwa amachepetsa imfa kapena matenda aakulu a chiwindi, popeza makafukufukuwo anali aafupi ndipo ankangoyeza kachilombo m'magazi. Mabungwe a madokotala a chiwindi a ku America ndi ku Ulaya analitsutsa kwambiri. Bamboyo anali kumbali ya lipotilo. Anati kusowa kwa kachilombo m'magazi ndi chizindikiro chabe, ndipo anakumbutsa HALT-C, kafukufuku wa mu 2008 wa odwala 1,050, kumene peginterferon wa nthawi yaitali anatsitsa kachilombo ndi manambala a chiwindi koma matenda osabwerera m'mbuyo. Ine ndinati kutsitsa ndi kuchotseratu ndi zinthu ziwiri, ndipo palibe amene angalole kusiya anthu zaka khumi opanda mankhwala kuti tiwerenge maliro awo. Anavomereza theka lokha. Ndinaona kuti pamenepa akuyankhula ngati munthu amene sanaonepo mimba yotupa madzi. Anandilola kulemba maganizo anga, bola ndilembenso kuti umboni wa imfa ndi wochokera ku makafukufuku ongotsatira odwala, osati ogawa mwamaere. Ndinalemba choncho.

Ndiye ndani apiteko? Ngati muli ndi milungu iwiri yokha ndipo mukungofuna matebulo a pulogalamu ya masamu ya SPSS oti muike m'chaputala, musataye ndalama zanu, mukakangana. Ngati muli ndi miyezi iwiri kapena itatu ndipo mukulolera kuti tebulo lanu lipasulidwe, sindikudziwa kwina kumene mapaundi 150 angakugulireni zimenezi. Lemberanani mgwirizano, masiku a misonkhano mulembe nthawi ya ku Malawi ndi ya kwanu yomwe, ndipo theka lachiwiri musatumize lipoti lisanafike. Ine ndinatumiziratu, n'chifukwa chake ndinadikira masiku 12 aja ndilibe chogwira.

Kafukufuku wanga anadutsa. Chaputala chachinayi chilibe mankhwala opambana. Chili ndi zithunzi zisanu ndi ndime yaitali yofotokoza chifukwa chimene 95 ndi 98 a m'makafukufuku osiyana sindinawasanje. Fayilo ya R yokhala ndi mawu ofotokozera mzere uliwonse, imene bamboyo analonjeza mu Novembala, ndikuidikirabe. Sabata yatha ananditumizira mawu ojambula a mphindi zisanu ndi zinayi ofotokoza kuti ili pafupi kutha.